Za Utoto wa pa Milomo: Kodi Mlandu Ngwace?

Tsiku lina la msika pa Golomoti tinaima pafupi ndi mnyamata wogulitsa zodzola, amene anayala katundu wace pa thumba, pansi, padzuwa: sopo, tikalirole, mafuta a tsitsi, ndi utoto wa pa milomo umene ana a masiku ano aucha lipisitiki, pamodzi ndi mafuta onyezimira aja acha gilosi. Namwali wina anatola kamodzi, nakatembenuza-tembenuza m'manja mwace, koma amace, amene anali m'mbuyo ndi dengu pamutu, anamlanda, nakabwezera pa thumba paja, nati, "Iwe, ufuna milomo yako ide ngati kunsi kwa mphika? Suona anzako a ku tauni m'mene yapserera yao?" Mwana anangoti, "Amai, si zoona zimenezo," nawerama. Pomwepo mnyamata uja anaseka, napisa dzanja m'cikwama, naturutsa kabotolo kena kopanda dzina, nati, "Musadandaule, mai. Ikada, mankhwala ace ndi awa; masabata awiri okha ifiira ngati ya mzungu."

Mau a mai uja si acilendo kwa ife. Tiwamva ku Mua, tiwamva ku Mtakataka, pa mjigo ndi pa misonkhano ya amai. Ndipo codabwitsa n'cakuti onena sabvomerezana, pakuti ena ati utoto udetsa milomo, ena ati uisulutsa ngati nsaru yakale, ndipo onsewo aumirira kuti anaona ndi maso. Tsono ife tifuna kuuzenga mlandu umenewu monga auzenga pabwalo, kumva mboni za uku ndi uku. Sitirikufunsa ngati kuyenera mkazi wa Mpingo kudzola utoto kapena iai. Nkhani imeneyo iri ndi eni ace, ndipo iwo amene athamangira kuchula Yezebeli akumbukire kuti iye anapaka m'maso, si pa milomo ai. Funso lathu ndi la thupi lokha: kodi utotowo usintha mtundu umene munthu anabadwa nao? Ndipo si funso lacabe. Mwana wa lero ali ndi kalirole. Tikamuopsa ndi bodza, adzaliyesa yekha m'cipinda, ndipo akaona kuti wadzola caka cathunthu milomo iri momwemo, adzataya pamodzi ndi bodzalo macenjezo athu ena amene ali oona.

Tiyambe ndi mlomo weni-weni. Mtundu wace ucokera ku zinthu ziwiri. Coyamba ndi kuda kwa cibadwidwe kumene madotolo akucha melanini, kumene kupangidwa ndi timaselo tokhala pansi pa khungu, ndipo ndi komweko kumene kudetsa thupi lonse ndi tsitsi. Caciwiri ndi mwazi woyenda m'timitsempha tating'ono. Khungu la pa mlomo n'lopyapyala kopambana: pamene la pa tsaya liri ndi miyalo yofikira 16, la pa mlomo liri nayo 3 kufikira 5 yokha, ndipo liribe thukuta loti lilinyowetse. Cifukwa cace mwazi uonekera. Kwa Mzungu, amene melanini wace ngwocepa, mlomo uoneka wofiira. Kwa ife melanini aphimba kufiirako, pena kwambiri, pena pang'ono. N'cifukwa cace m'nyumba imodzi mupeza mwana wa milomo yakuda bii, ndi mbale wace wa mlomo wam'mwamba wakuda ndi wam'munsi wofiirira, onse a bere limodzi, ndipo palibe wadwala.

Nanga lipisitiki n'ciani? Anthu ambiri amuopa cifukwa ayesa kuti muli mankhwala obisika a kutali. Koma tikamphwanya tipezamo zinthu zimene agogo athu anazidziwa. Muli phula, lina la njuci, lina locokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil, lakuti kamtengoko kaume kasasungunuke msanga. Muli mafuta, ndipo mwa mafuta onse amene opanga awakonda kuyambira kale ndiwo a nsatsi, omwe aja amai akale anakazinga, nasinja, naphika, nadzoza nao anamwali. Ndipo muli utoto. Wina ucokera ku dzimbiri la citsulo, lomwe lifiiritsa katondo wa ku mapiri. Wina ucokera ku tizirombo tating'ono tokhala pa comera caminga, timene aweta makamaka ku Peru, natiumitsa, natipera. Wina ngwopanga m'mafakitale. Gilosi ndiye mafuta okha-okha onanda, utoto pang'ono kapena wopanda konse. Anayamba kuchuka ca m'ma 1930, pamene Max Factor anampangira akazi osewera m'mafilimu ku Hollywood kuti milomo yao iwale pa kanema.

Tsono zinthu zimenezi zikhala pamwamba. Utoto wambiri wa mu lipisitiki ndi pfumbi losalala losasungunuka m'madzi, lomatidwa ndi phula. Sulowa kufikira kumene kuli timaselo ta melanini, ndipo sufika ku mwazi. Ciri ngati dothi lozira nalo khoma: mvula ikaomba licoka, njerwa iri momwe inaliri. Ulipo utoto wa mtundu wina umene ulowerera pang'ono m'miyalo yapamwamba, ndiwo uja ukanirira ngakhale munthu wadya nsima nasamba. Koma miyalo imeneyo n'njakufa kale, ndipo mlomo uifundula masiku onse, kotero kuti pakapita masiku owerengeka banga lapita nayo.

Makolo athu anadziwa bwino kusiyana kwa cokhala pamwamba ndi colowa m'kati. Pofuna cizindikiro ca tsiku limodzi, monga pa cinamwali, anapaka ufa ndi dothi ndi makala, ndipo m'mawa mwace namwali anasamba. Koma pofuna cosacoka anatema mphini, napaka makala m'bala mwazi uli cuu, kuti kudako kukhale pansi pa khungu; ndipo agogo amene anatemedwa ali atsikana apita nazo kumanda. Ngati munthu afuna kuona cokometsera cimene cinasinthadi mlomo, ayang'ane pelele. David Livingstone, amene anafika ku nyanja yathu m'caka ca 1859, analemba m'buku lace la 1865 za akazi a Cimang'anja oboola mlomo wam'mwamba ali ana, nakulitsa ciboo pang'ono-pang'ono kufikira mulowa mphete ya nsungwi, kapena ya mnyanga, kapena ya citini. Ndipo pamene anafunsa mfumu ina yokalamba cifukwa cace, mfumuyo inazizwa ndi funso lopusa lotere, niyankha kuti n'kukongola, popeza mkazi alibe ndebvu. Tikumbutsa izi osati kuti tiseke akale, koma kuti ife akuru tisanene ngati kusamala za mlomo kunabwera ndi basi ya ku Lilongwe.

Pali cinthu cina cimene cinyenga anamwali eni ace. Wodzola zofiira tsiku ndi tsiku, akapukuta madzulo nayang'ana pa kalirole, aona ngati milomo yace yatuwa kapena yada koposa kale. Si mlomo wasintha, koma diso lazolowera. Munthu woturuka m'chalichi masana a Okutobala athobwa m'maso, ndipo wolowamo ayesa muli mdima. Chalichi ndi lomwelo.

Kufikira pano mlandu ukomera mwana uja. Koma galu wamkota sakandira pacabe, ndipo tikadakhala osalungama tikadati amai onse amene anena kuti anaona milomo yoda anangolota. Anaonadi. Colakwa cao n'cakuti analeka kufunsa msanga; pakuti akuru anati umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ityoke mnyanga.

Khungu lathu lakuda liri ndi khalidwe ili, lakuti paliponse pamene papsa, patupa, kapena pakandidwa, pocira pada koposa poyamba. Yang'anani miyendo ya mwana amene analumwa ndi udzudzu nakanda, kapena dzanja la mai amene anapsa ndi phala. Timaselo ta melanini tikabvutidwa ticurukitsa nchito yao. Tsono alipo anthu ena, si onse, ndiponso si ambiri, amene thupi lao lidana ndi kanthu kena ka mu lipisitiki: kapena zonunkhiritsa, kapena zozizira zija zimveka ngati mankhwala otsukira mano, kapena utoto womwe. Milomo yao iyabwa, iuma, isenda, ing'aluka. Ndipo iwo poona kusendako aonjeza kudzola kuti abise, osadziwa kuti alikuthira nkhuni pa moto. Pakapita miyezi milomo yada ndithu. Ku Ulaya ndi ku America bvuto lotere linacuruka pakati pa 1920 ndi 1960, cifukwa ca utoto wokanirira wochedwa eosin, umene masiku amenewo sanali kuuyenga bwino. Ndipo linacepa pamene opanga anaphunzira kuuyeretsa ndi kuucepetsa. M'caka ca 2003 madotolo a khungu a ku Singapore analemba za kuda kwa milomo kumene, atayesa, anapeza kuti gwero lace linali cinthu ca m'mafuta a nsatsi. Inde, nsatsi zomwezi. Cimene cikomera anthu zikwi cikhoza kumlakwira mmodzi, monga alipo ena amene akadya nkhanu kapena mtedza aturuka zidzolo, ndipo sitinena kuti mtedza ndi poizoni.

Apa mai wa pa Golomoti ali ndi mbali yace, ndipo tionjezapo. Katundu woyalidwa pa thumba asungunuka masana, naumanso usiku, sabata ndi sabata. Mafuta ace asasa, ndipo mafuta osasa aputa khungu. Wambiri alibe dzina la wopanga, kapena tsiku lotha mphamvu; ndipo cinkana dziko liri ndi bungwe loyesa katundu, la Malawi Bureau of Standards, kuyambira 1972, palibe bungwe lingathe kununkhiza kabotolo kali konse pa msika uli wonse. Ndiponso atsikana abwerekana: kamtengo kamodzi kayenda milomo isanu pa ukwati umodzi, ndipo ngati mmodzi ali ndi timatuza tija tituruka pa mlomo munthu akadwala malungo, agawira anzace, pakuti timatuzato n'topatsirana, ndipo nato tisiya banga. Koma cimene citimvetsa cisoni koposa n'ici: mwana woopa amace adzola ali pa njira, ndipo pobwera, asanafike pa mudzi, akhula milomo ndi sopo wocapira ndi nsonga ya citenje kuti pasaoneke kanthu. Acita cotero kawiri katatu pa sabata. Khungu la miyalo itatu silipirira zotere. Potero mantha a mai abala cinthu comwe mai anaciopa, ndipo utoto usenza mlandu wa sopo.

Tsono tiitane mboni zina, zimene sizinagwirepo lipisitiki cibadwire. Pitani ku gombe m'mamawa muone asodzi pokoka ngalawa. Pitani ku minda ya mpunga ya ku Bwanje muone amuna ndi akazi owerama m'madzi kuyambira kum'mawa kufikira dzuwa lapendeka. Milomo yao n'njakuda, youma, yong'aluka, makamaka wam'munsi, umene uyang'ana kumwamba nulandira dzuwa lonse. Dziko lathu lino la kunsi kwa phiri n'la dzuwa. Si pacabe kuti makina aja osandutsa dzuwa magetsi, a mamegawati 20, anawaika pa Golomoti, nayamba nchito m'caka ca 2022. Dzuwa lomwe liyatsa nyali ku Blantyre ndi lomwe liwamba milomo yathu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ubwera mwera, nuumitsa milomo; munthu ainyambita kuti inyowe, malobvu auma nacotsa ndi cinyontho comwe cinalipo, ndipo ana ena afika pokhala ndi mkombero wakuda kuzungulira kamwa. Fodya naye adetsa nkhama ndi milomo. Dotolo wa mano wa ku Sweden, dzina lace Hedin, anafotokoza za kuda kumeneku m'caka ca 1977, ndipo kudziwika kuti munthu akaleka kusuta kucepa pang'ono-pang'ono, cinkana kutenga zaka. Sitinamvepo mai alikukalipira mwamuna wace kuti cingambwe cimdetsa milomo.

Pa nkhani ya dzuwa pali cina cimene ena sadzakondwa kucimva. Utoto wokhuthala uchinga dzuwa, monga cipewa. Ku Los Angeles, m'caka ca 1996, ofufuza anaonetsa kuti mwa akazi okhalitsa padzuwa, iwo amene anali kupaka milomo kangapo pa tsiku anadwala khansa ya pa mlomo mocepa kuposa opaka kamodzi kapena osapaka. Gilosi woonekera ngati madzi alibe thandizo limeneli. Aletsa kuuma, koma dzuwa lipyola. Ndipo kwa abale athu acialubino, amene kalembera wa 2018 anawapeza oposa 134,000 m'dziko muno, kupaka milomo mafuta ochinga dzuwa si kudzikometsera konse, koma kupewa zironda zimene zisanduka khansa. Mwana wotere akapaka mlomo, asamnene.

Mboni ina ndi mankhwala a ku cipatala. Alipo anthu amene akamwa Bactrim, kapena Fansidar uja apatsa amai apakati ku sikelo, aturuka banga lozungulira pa mlomo, loyabwa, limene pocira lisiya kuda ngati ndalama yacitsulo. Ndipo akamwanso libwerera pamalo pomwepo. Si onse, koma popeza mankhwala awiriwa amwedwa ndi anthu ambiri-mbiri kuno, banga lotere si lacilendo. Woona cotere asataye mankhwala mwa yekha n'kukhala cete, ndiponso asapitirire kumwa osanena; afulumire kukaonetsa, kuti ampatse ena. Cimodzi-modzi cironda ca pa mlomo cimene catha masabata atatu osapola, kapena banga limene likula ndi kucuca mwazi: zimenezo si za lipisitiki, ndipo kuzibisa ndi utoto ndiko kucedwa.

Za mphekesera yakuti mu lipisitiki muli mtobvu, citsulo colemera cija ca m'mabatire a galimoto, tinene mwacidule. Bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala linayesa mitundu 400 yogulidwa m'caka ca 2010, nilipezamo mtobvu pang'ono: pakati-kati gawo limodzi mwa magawo 1,000,000, ndipo wocurukitsa anali ndi magawo 7. M'caka ca 2016 linalangiza opanga kuti asapyole magawo 10. Mtobvu ngwoipa m'thupi, makamaka kwa ana, ndipo n'cifukwa cace sitikondwa kuona khanda lirikuseweretsa lipisitiki wa amace m'kamwa. Koma mlingo wotere sudetsa mlomo. Tidziwenso kuti amene anayesedwawo ndi a m'masitolo a ku America, si a pa thumba ai.

Tibwerere tsopano kwa mnyamata uja ndi kabotolo kace kopanda dzina, pakuti m'mlandu wonsewu iye ndiye anacoka osafunsidwa, ndipo ndiye tiyenera kumfunsa koposa. Mai ananena kuti milomo yakuda n'cinthu coopsa; mwana anamva; wogulitsa anali nao kale mankhwala. Taonani m'mene mau a mai, onenedwa mwa cikondi, anamtsegulira malonda. Timabotolo totere, tolonjeza milomo ya pinki, tayamba kucuruka m'misika ya m'matauni ndi pa mafoni, ndipo ndi ana a mafuta oyeretsa khungu amene tiwadziwa kuyambira masiku a Ambi, pamene anthu anayamba kuseka za nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola. Kusiyana kwace ndi lipisitiki n'kwakukuru: lipisitiki apangidwa kuti akhale pamwamba, koma awa apangidwa dala kuti alowe, akagwire timaselo ta melanini pakhosi. Ndiwo asinthadi mtundu wa mlomo.

Mafuta oyeretsa khungu, poyesedwa m'maiko ambiri, apezeka kawiri-kawiri ndi cimodzi mwa zitatu. Coyamba ndi hydroquinone. Ayeretsa poyamba, koma m'caka ca 1975 dotolo Findlay ndi anzace ku Pretoria anaonetsa kuti akazi odzola zaka zambiri anada mabanga okhakhala, obiriwira, osacoka ndi mankhwala ali onse, ndipo m'caka ca 1990 dziko la South Africa linaletsa kuika hydroquinone m'zodzola. Amai athu amene anakhalako ku Joni anaziona nkhope zimenezo. Caciwiri ndi mankhwala amphamvu a zotupa za pakhungu, monga betamethasone ndi clobetasol, amene dotolo apatsa kwa masiku owerengeka. Odzola miyezi khungu lao lipyapyala, ling'ambika, ndipo akaleka kuda kubwerera kowirikiza. Cacitatu ndi mekyuli, citsulo camadzi cija cinali m'kagalasi koyesera kutentha kwa thupi, cimene ciononga impso ndi ubongo, ndipo cifika kwa mwana ali m'mimba. Maiko anapangana za kucepetsa mekyuli m'caka ca 2013, nacha panganolo dzina la Minamata, mudzi wa ku Japan kumene anthu anapuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa naye. Tsono lingalirani: zimene ziri zoopsa pa tsaya, munthu azipaka pa khomo la kamwa, pamene khungu liri lopyapyala koposa ponse, ndipo cimene cipakidwa pamenepo cimezedwa ndi tiyi.

Ndipo kufiira kumene agulako n'kotani? Ndi kufiira kwa khungu losupuka. Tonse tiudziwa mlomo wa munthu amene kacasu wamlowerera, wofiira psuu pakati ngati nyama yosenda. Palibe anauyesa wokongola, ndipo ana auseka. Lero mnyamata ndi namwali aturutsa ndalama kuti akhale nao womwewo. Ku Mua, m'nyumba yosungiramo za makolo ya Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayamba m'caka ca 1976, muli nkhope zosema mazana. Ndipo mwa nkhope za gule zodziwika ponse-ponse iripo ya Simoni, yofiira, imene osema akale anaipaka cotero poseka mlendo wopsa ndi dzuwa la kuno. Agogo anaona kufiira kumeneko naseka. Adzukulu akufuna ndi ndalama. Ife tiyesa kuti namwali wopaka zofiira pa ukwati, napukuta madzulo ndi mafuta, nagona ndi milomo yace yakuda, ali pabwino kuposa mnzace amene sanagwirepo lipisitiki koma usiku uli wonse asupula mlomo kuti usanduke wa mtundu wina. Woyambayo wabvala; waciwiriyo wakana thupi lace. Ndipo mai amene afanizira milomo yakuda ndi kunsi kwa mphika aganize kuti alikumkankhira mwana wace kwa uti.

Kwa iye amene akayika ngati utoto wace umlakwira, kuyesa kwace n'kosabvuta ndipo sikulira ndalama. Aleke zonse za pa milomo mwezi wathunthu, apake Vaseline woyera yekha, wopanda pfungo, asanyambite, asakhule. Ngati kuyabwa ndi kusenda kwatha, ndipo pobwerera ku kamtengo kaja ziyambanso, wapeza mdani wace, akataye. Kudako kudzasuluka kokha, koma mwa miyezi, si masiku. Ngati palibe casintha, mlandu suli pa utoto, afune kwina. Pocotsa utoto, mafuta pang'ono pa kansaru kofewa acotsa bwino koposa sopo.

Tatsala ndi mbali imodzi, imene ife tiiyesa yoposa zonse, ndipo ndi pamene tiri naye mau lipisitiki. Iye sasintha mtundu wa mlomo, koma aubisa. Ndipo mtundu wa mlomo ndi mthenga. Tanena kuti kufiira kwace ndi mwazi. Kuno ku nyanja mwazi uli ndi akuba ambiri: malungo, likodzo la m'madzi osayenda ndi m'minda ya mpunga, njoka za m'mimba, uchembere wapafupi-pafupi, ndi ndiwo zosakwanira m'miyezi ya njala. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 a zaka 15 kufikira 49, okwana 33 anali ocepa mwazi. Ndipo mwa ana 100 osafika zaka 5, anali 63. Pamene mai anena kuti milomo ya mwana wace yasuluka cifukwa ca utoto, kawiri-kawiri waona coona ndithu, koma wapatsa dzina lolakwa: mwanayo mwazi wacepa. Amlanda lipisitiki, nakhala pansi mtima uli m'malo, pamene anayenera kumtengera ku cipatala.

Namwino wa ku sikelo sanyengedwa ndi utoto, pakuti iye atsitsa cikope, nayang'ana lilime ndi zikhato, ndipo akakayika ayesa mwazi. Ndiponso wopita ku opaleshoni amuuza apukute milomo ndi zikhadabo, kuti mtundu wace uoneke. Onyengedwa ndife a pa mudzi: mwamuna, apongozi, anzace a ku kwaya, amene tiona mai wapakati wafika ku mapemphero milomo iri ngwee, nkuti ali bwino, cinkana apuma wefu-wefu pokwera kamtunda ka ku chalichi, nadandaula cizungulire ndi mtima kugunda. Pa munthu wakuda kucepa kwa mwazi sikuoneka bwino kunja kwa mlomo, kuoneka m'kati. Cifukwa cace, inu amai, popeza maso anu ali kale pa milomo ya ana anu, muitane namwali wanu poyera, m'mawa, asanadzole kanthu. Mumtsitse mlomo wam'munsi ndi cala, ndi cikope comwe, muyang'ane m'katimo. Mwa munthu wa mwazi wokwanira muli mofiira ngati m'kati mwa bvwende lakupsa. Mukapeza motuwa ngati phala la mpunga, ulendo wa ku cipatala ca Mua kapena ca Mtakataka ukhale wa tsiku lomwelo.